ZIWETO ZOSAONEKA ZIMENE ZIDYETSA USIPA NDI UTAKA

Munthu woima pa mcenga wa ku Chintheche kapena ku Kande usiku wopanda mwezi aona nyali zambiri ziri ndandanda pa nyanja, monga ngati mudzi waukulu wamangidwa pa madzi. Amenewo ndiwo asodzi a kauni, ali kusaka usipa. Kukaca amai atsikira ku doko ndi mabeseni ao, usipa uyanikidwa pa mathandala, ndipo madzulo kondowole apeza ndiwo zace. Zimenezi zicitika caka ndi caka, kotero kuti ambiri a ife tinaleka kufunsa kuti kodi usipa wonsewu udya ciani. Mlimi adziwa kuti ng'ombe yonenepa iri ndi dambo lace, ndi mbuzi yonona iri ndi chire lace. Nanga msipu wa usipa uli kuti, popeza pakati pa nyanja palibe udzu kapena mtengo, koma madzi oyera okha-okha?

Yankho lace ndi lakuti msipu ulipo, ndipo ziweto zodya msipuwo ziriponso, koma zonsezi ndi zazing'ono kwambiri kotero kuti diso la munthu lizipitirira. M'nkhani ino tifuna kufotokoza za tizirombo timeneti, za kadyedwe kace, ndi cifukwa cace msodzi wa pa doko ndi mlimi wa ku mtunda yemwe ayenera kusamala za moyo wace.

YESANI NOKHA

Tisanapite patali, tipempha awerengi okhala m'mbali mwa nyanja kuti ayese cinthu ici. Tengani nsalu yoyera yolukidwa mothina, mupalase bwato usiku kufika pamene madzi ali akuya, ndipo musefe pa nsaluyo ndowa khumi za madzi. Mukatero tsukuluzani nsaluyo m'botolo loyera la madzi pang'ono, muliike patsogolo pa nyali. Mudzaona timadontho tambiri tonga gaga, tina tiri kuyandama, tina tiri kudumpha-dumpha. Timeneto si fumbi ai, koma ndi tamoyo. Kakakulu mwa ito kafika milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, monga njere ya bonongwe.

Akatswiri a zamoyo anapeza kuti tizirombo timeneti ndi abale a nkhanu, pakuti tiri ndi cigoba kunja ndi miyendo ya mfundo-mfundo, ndipo kukula kwace ndi kwa kufundula. Zamoyo zonse zazing'ono zimene zingotengeka ndi madzi azicha plankitoni, dzina limene Victor Hensen wa ku Germany anayamba kuligwiritsa nchito m'caka ca 1887. Plankitoni ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zomera, ndizo ndere zosaoneka zimene zipanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga acita masamba a cinangwa. Gulu laciwiri ndi la nyama, ndimo muli tizirombo ta m'botolo tija. Ndere ndizo msipu wa nyanja, ndipo tizirombo ndito ziweto zace.

ZODYA UDZU NDI ZODYA NYAMA

Monga m'chire muli nyama zodya udzu ndi zina zodya nyama zinzace, momwemonso m'madzi. Pakati pa Nyanja ya Malawi mitundu yeni-yeni ya tizirombo timeneti ndi isanu, ndipo uli wonse uli ndi kadyedwe kace.

Mtundu woyamba, umene uposa yonse pa kulemera, dzina lace la ukatswiri ndi Tropodiaptomus cunningtoni. Dzinali linacokera kwa W. A. Cunnington, amene anatola zamoyo za m'nyanja zathu zino pa ulendo wace wa 1904 ndi 1905, ndipo G. O. Sars wa ku Norway ndiye analemba za maonekedwe ace m'caka ca 1909. Kacirombo aka ndiko ng'ombe ya m'nyanja. Kali ndi nyanga ziwiri zazitali zimene kayandamira nazo, ndipo pafupi ndi kamwa kali ndi timiyendo ta ubweya timene kakupiza kosalekeza. Kukupizako kukokera madzi ku kamwa, ndipo ndere zobwera ndi madziwo kazigwira, ndi kumeza zokoma, ndi kutaya zosakoma. Kakakazi kanyamula mazira ace m'kathumba kamodzi.

Mitundu iwiri yotsatira ndiyo Mesocyclops aequatorialis ndi Thermocyclops neglectus, ya nyanga zazifupi ndi timatumba tiwiri ta mazira. Mesocyclops akali mwana adya ndere, koma akakula asanduka mlenje. Iye sasefa madzi ai, koma alumphira ndi kugwira tizirombo tocepa kuposa iye, ngakhale ana a mtundu woyamba uja. Thermocyclops ndi wamng'ono, ndipo cakudya cace ceni-ceni ndi ndere ndi tinthu tina tocepetsetsa. Mitundu itatu imeneyi pamodzi ichedwa makopepodi.

Mitundu iwiri yotsala, Diaphanosoma excisum ndi Bosmina longirostris, Azungu aicha utitiri wa m'madzi cifukwa ca kudumpha kwace, ngakhale siiluma munthu. Iyi isefa madzi monga sefa ya ufa. Codabwitsa ndi cakuti zazikazi zibala ana popanda zazimuna. Cifukwa cace cakudya cikapezeka iculukana m'masiku owerengeka, ndipo cikasowa ithanso msanga.

NCHITO ZACE ZITATU

Nchito yoyamba ndi kusandutsa msipu kuti ukhale nyama. Nsomba zocepa zokha, monga cambo, zitha kusefa ndere zosaoneka ndi kukhuta nazo. Usipa, utaka ndi ndunduma sizitha. Tsono tizirombo tisonkhanitsa ndere zomwazika m'madzi ambiri, ndi kuzisandutsa mnofu ndi mafuta m'timatupi timene diso la nsomba litha kuona. Munthu sadya udzu, koma adya ng'ombe yodya udzu, ndipo usipa ucita cimodzi-modzi.

Nchito yaciwiri ndi kukhala phala la ana a nsomba. Kopepodi akaswa dzira ali kadontho kozungulira kosafanana konse ndi make, ndipo afundula maulendo 11 asanafike pa msinkhu. Mwana wa usipa akali wamng'ono ali ndi kamwa kakang'ono kotero kuti sangameze kopepodi wamkulu. Cimene atha kumeza ndi timadontho timeneti. Akatipeza tambiri m'masiku oyamba a moyo wace, akula. Akapanda kutipeza, afa ndi njala asanaoneke ndi munthu ali yense.

Nchito yacitatu ndi kuthira manyowa. Monga ng'ombe ibwezera ndowe ku dambo limene idyako, tizirombo tibwezera ku madzi zotsala za cakudya. Gawo lina lisungunuka pomwepo, ndipo ndere zimeranso nalo. Koma gawo lina, pamodzi ndi zigoba ndi mitembo, limira pansi. Za gawo lomira limeneli tinenanso patsogolo pano.

ZIMENE ANAPEZA KU NKHATA BAY

Zambiri zimene tidziwa za nkhani iyi zinayambira m'boma lomwe lino. M'zaka za 1954 ndi 1955 bungwe la Joint Fisheries Research Organisation, la maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, linafufuza cigawo ca kumpoto ca nyanja, ndipo malo ace a nchito anali ku Nkhata Bay. Akatswiri ace anali P. B. N. Jackson, T. D. Iles, D. Harding ndi Geoffrey Fryer, ndipo lipoti lao linasindikizidwa m'caka ca 1963. Iwo anali kusefa madzi ndi maukonde a nsalu, ndi kutumbula nsomba zambiri kuti aone zimene ziri m'mimba.

Iles anasamala kwambiri za utaka, ndipo m'caka ca 1960 analongosola mitundu ingapo imene inali isanalembedwe. Umodzi anaucha nkatae, potsata dzina la Nkhata Bay monga linali kulembedwa masiku aja. Utaka uli ndi kamwa lotha kutuluka patsogolo ngati kathumba, ndipo utola tizirombo kamodzi-kamodzi, utayang'ana kumene madzi acokera. Asodzi a Citonga anadziwa kale-kale kuti utaka usonkhana pa miyala ya pansi pa madzi imene aicha virundu, ndipo ndi pomwepo pamene aponya cilimira. Akatswiri anangoonjeza cifukwa cace, ndico cakuti pa virundu mkokomo wa madzi ubweretsa tizirombo kosalekeza, ndipo utaka ungoimirira ndi kudya. Utaka ndi usipa zidyedwa ndi ncheni, kampango ndi mbalame, ndipo pomaliza ndi ife anthu.

MWERA NDIYE KHASU LA NYANJA

Tibwerere tsopano ku manyowa omira aja. Nyanja yathu ndi yakuya kwambiri. Malo akuya kopambana ali kumpoto kwa Nkhata Bay, ca ku gombe la Usisya, pamene pafika mamita 700. Koma nsomba ndi tizirombo zikhala m'madzi a pamwamba okha, cifukwa kupitirira mamita 200 kapena 250 mulibe mpweya wa okosijeni. Ndere nazo zimera pokha-pokha pofika kuwala kwa dzuwa. Conde conse cimene cimira citsekeredwa pansi, pakuti madzi ofunda a pamwamba ndi opepuka, ndipo sasanganikirana ndi ozizira a pansi. Nyanja ifanana ndi mlimi amene manyowa ace ali m'dzenje lakuya pamene munda wace uli kuguga.

Amene afukula manyowawo ndiye mwera. Kuyambira Meyi kufika Sepitembala mphepo imeneyi iziziritsa madzi a pamwamba, ndi kuwakankhira kumpoto, kotero kuti kumwera kwa nyanja madzi a pansi akwera, ndipo pena ponse madzi avunduka mozama kuposa nyengo zina. Conde cikakwera ndere ziculuka, ndere zikaculuka tizirombo ticulukana, ndipo ana a nsomba apeza phala. Msodzi adandaula pamene mwera umkhalitsa pa gombe sabata lathunthu, ndipo ngozi yace ndi yeni-yeni. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna usipa afunanso mwera.

Usipa ukhala moyo wa caka cimodzi kapena kupitirira pang'ono, cifukwa cace caka ca cakudya cocepa cionekera msanga pa doko. Nkhani iyi ndi yaikulu tsopano kuposa kale, pakuti cambo cacepa, ndipo usipa ndiwo woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'Malawi.

KU NYANJA ZA MCERE

Lamulo lomweli ligwiranso nchito ku nyanja zazikulu za mcere, kumene makopepodi ali m'gulu la nyama zoculuka kopambana pa dziko lonse lapansi. Kumpoto kwa nyanja ya Atlantic kuli mtundu wochedwa Calanus finmarchicus, wa msinkhu wocepera njere ya mpunga, umene usunga mafuta m'thupi mwace. Umenewu ndiwo cakudya cacikulu ca nsomba yochedwa herring, imene kwa anthu a ku Scotland ndi Norway inali monga usipa kwa ife. M'caka ca 1924 Alister Hardy anaonetsa kuti herring isintha cakudya cace pamene ikula, kuyambira pa ana a makopepodi kufikira pa akulu-akulu. Ku nyanja yozizira ya Antarctica kuli abale ena a nkhanu ochedwa krill, ofika masentimita 6, ndipo anamgumi, nyama zazikulu kuposa zonse, adya matani angapo a krill tsiku limodzi.

Ku gombe la dziko la Peru mphepo ikweza madzi a conde monga ucita mwera kuno, ndipo kansomba kochedwa anchoveta kaculuka cifukwa ca plankitoni wa kumeneko. M'caka ca 1970 asodzi anagwira matani oposa 12 miliyoni. Koma m'caka ca 1972 madzi ofunda a nyengo ya El Niño anaphimba gombe lija, conde cinaleka kukwera, ndipo popeza kansombako kanali katagwidwa kale mopitirira muyeso, usodzi unagwa, ndipo unatenga zaka zambiri kuti udzukenso. Apa tiphunzira kuti caka ca njala ya nsomba cikakomana ndi maukonde oculuka, tsoka likhala lalikulu.

MNZATHU WODYA NAFE: NKHUNGU

M'nyanja yathu muli wina amene adya nao tizirombo, ndipo anthu a ku Usisya ndi Chintheche amdziwa bwino. Pa nthawi ya mwezi watsopano mitambo yakuda ituluka m'madzi, yoima ngati utsi. Imeneyo ndiyo nkhungu, tinchenche tosaluma timene anthu atikola ndi madengu, ndi kuumba mikate ya ndiwo. M'caka ca 1861 David Livingstone, poyenda ndi bwato ca kumpoto kwa nyanja, anayamba kuyesa mitamboyi utsi wa moto wa m'chire, ndipo pambuyo pace analawa mkate wace. Dzina lace la ukatswiri ndi Chaoborus edulis, ndipo mau aciwiriwo atanthauza cinthu codyedwa.

Nkhungu si mbale wa nkhanu ai. Masiku ambiri a moyo wace ikhala mphutsi yoonekera ngati galasi. Masana mphutsi itsikira pansi peni-peni, kufupi ndi madzi opanda mpweya kumene nsomba zambiri sizifika, ndipo usiku ikwera kudzasaka makopepodi ndi utitiri wa m'madzi. Gawo lalikulu la tizirombo ta pakati pa nyanja lithera m'mimba mwa mphutsi zimenezi.

Kuti timvetse kulemera kwa nkhani iyi, tiyenera kudziwa kuti cakudya cicepa pa mkamwa uli wonse umene cipitamo, cifukwa nyama iri yonse igwiritsa nchito zambiri za zimene yadya pa kupuma ndi kuyenda. Mwa kuyerekeza cabe, madengu 1,000 a ndere abala madengu 100 a tizirombo, amenewa abala madengu 10 a usipa, ndipo awa abala dengu limodzi la ncheni. Mkamwa wina ukalowa pakati, zofika kwa munthu zicepa kwambiri.

MLANDU WA KAPENTA

Cifukwa ca ici panabuka mlandu waukulu. Ku Nyanja ya Tanganyika kuli kapenta wambiri wodya makopepodi, ndipo pakati pa nyanjayo palibe mitambo ya nkhungu. M'zaka za 1967 ndi 1968 kapenta anatengedwa kuikidwa m'Nyanja ya Kariba, naswana kwambiri, natsika ndi Zambezi kufika ku Cahora Bassa. M'caka ca 1982 J. L. Turner, amene anagwira nchito yofufuza nyanja yathu pansi pa bungwe la FAO, analemba kuti nkhungu iri kutaya cakudya cimene cikadakhala nsomba, ndi kuti kapenta ataikidwa muno akadalanda cakudyaco. Ena, monga D. H. Eccles m'caka ca 1985, anacenjeza kuti nyanja ino iri ndi mitundu ya nsomba mazana ambiri yosapezeka kwina kuli konse, ndipo mlendo akalowa sangatulutsidwenso. Pa nthawi yomweyo anthu anali kuona zimene zinacitika ku Nyanja ya Victoria, kumene nsomba yobwera yochedwa Nile perch inatha mitundu yambiri ya nsomba za komweko.

Mlanduwu unatha ndi kufufuza. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 maiko a Malawi, Tanzania ndi Mozambique, mothandizidwa ndi boma la Britain, anayendera nyanja yonse ndi sitima yochedwa Usipa, yocokera ku Senga Bay, ndipo lipoti lao linatuluka m'caka ca 1995. Anapeza kuti pakati pa nyanja pali ndunduma ndi ncheni zambiri, ndi kuti nsomba zidya mphutsi za nkhungu kuposa m'mene anthu anaganizira. Ndunduma, utaka, nkolokolo ndi usipa womwe zidya mphutsizo, makamaka pamene zikwera kuti zisanduke nchenche. Cakudya cimene cinayesedwa cotayika cinali kufika ndithu ku nsomba, koma podzera njira yaitali. Kapenta sanaikidwe m'nyanja yathu. Safunsa anadya phula, koma apa anthu anayamba afunsa kuti ndani adya ndani, ndipo anapewa colakwa cosakonzeka.

ZIMENE IFE TINGACITE

Mwera sitingaulamule, koma ziripo zinthu zimene ziri m'manja mwathu.

1. Tisunge nthaka ku mtunda. Mvula ikagwa, yang'anani pamene Luweya alowa m'nyanja, mudzaona madzi ofiira ali kufalikira kutali. Matope amenewo ndi conde ca minda ya ku mapiri ndi ya m'cigwa ca Limphasa ca ku Mpamba. M'madzi achinga kuwala kumene ndere zifuna, ndipo akwirira malo oswera nsomba. Tilime mizere yopingasa pa matsitso, tisiye mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje, ndipo tileke kutentha chire.

2. Feteleza akhale m'munda. Akakokoloka ndi kulowa m'madzi woculuka, ameretsa ndere zobiriwira za mtundu wina zimene tizirombo sititha kudya bwino.

3. Tisatsukire mu mtsinje kapena m'nyanja mapampu ndi mabotolo a mankhwala ophera tizirombo ta m'munda. Abale a nkhanu afa ndi mankhwala omwewo, ngakhale ocepa kwambiri.

4. Masikito ndi a pa mphasa, si a m'madzi ai. Akola ana a nsomba amene akadadya tizirombo ndi kukula, ndipo mankhwala ace opha udzudzu ndi oopsanso kwa zamoyo za m'madzi. Malamulo a usodzi aletsa maukonde otere. Makomiti a pa doko ndi mafumu athandizidwe pa kusunga malamulowa.

5. Tisabweretse nsomba za kwina m'nyanja, m'mitsinje kapena m'maiwe popanda cilolezo ca a Dipatimenti ya Usodzi. Madzi akatayika saoleka.

6. Amene ali ndi dziwe la nsomba athire manyowa a nkhuku kapena a mbuzi pang'ono-pang'ono, kufikira madzi akhale obiriwira. Manyowawo adyetsa ndere, ndere zidyetsa tizirombo, ndipo ana a nsomba akula ndi cakudya cosagula.

Tipempha aphunzitsi a m'masukulu a m'mbali mwa nyanja kuti acite ndi ana ao ciyeso ca nsalu ndi botolo cija, ndi akulu a makomiti kuti akambe nkhani iyi pa misonkhano yao. Mwana amene waona ndi maso ace kopepodi ali kusambira ndi kathumba ka mazira adzadziwa kumene ndiwo za kwao zicokera, ndipo akadzakula adzasamala mtsinje umene udutsa m'munda mwace. Wofuna kudziwa zambiri afunse mlangizi wa za usodzi kapena wa za ulimi wa m'dera lace.